Madzi Ofiira a m'Botolo la a Julius

Amuna anga, a Julius, anabwera kuchokera ku Joni ndi pikapu yakale yoyera ndiponso mutu wodzaza maganizo. Pikapuyo inkatidyetsa. Mutuwo ndi umene unatsala pang'ono kutiphetsa, kumapeto kwa chaka cha 2002, mango atangoyamba kupsa.

Ine ndine Eveles. Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo a Julius anadzakhala pamudzi pathu pa chikamwini. Kwawo ndi ku Ntcheu. Chilomwe sankamva ngakhale cha moni, kalongonda ankadya mochita kudzikakamiza, ndiye abale anga ankangowatchula kuti "Mngoni wa Eveles". Kuwada sankawada ayi. Koma chikondi chenicheni chinkabwera tsiku la msika, munthu akafuna kukwera ulele ndi thumba lake la makaka kupita ku Migowi. Pamenepo ndiye mukanamva: "Alamu! Alamu athu!"

Pikapuyo inkanyamula chilichonse chimene mwini wake wavomera kulipira, kaya ndi nandolo, nkhuni, mbuzi, odwala, nthawi zina maliro amene. Vuto linali petulo. Mtengo wake sunkagona. Ukagula lero, mawa anyamata ogulitsa petulo m'zigubu pa Migowi akuuza zina, ndipo galimoto yakeyo inali chidakwa chenicheni. A Julius ankafika pakhomo atatheratu, fumbi mpaka m'makutu, koma phindu lonse litathera m'thanki.

Tsiku lina ndikusenda chinangwa pakhonde, iwo anabwera n'kukhala pafupi nane, akumwetulira okhaokha.

"Mayi a Pius, kodi mukudziwa kuti m'madzi muli moto?"

"M'madzi a a Zelifa ndiye muli moto," ndinatero. A Zelifa anali mayi wachikulire wa mudzi woyandikana nafe, katswiri wotcheza kachasu. "Mwadzera komweko eti?"

Anaseka, kenaka n'kuyamba kufotokoza. Anati pa galaja imene ankagwirapo ntchito ku Joni anaona munthu wina ataika botolo la madzi pafupi ndi injini. Magetsi a batire akadutsa m'madzimo, madzi amagawanika, n'kutuluka mpweya wotchedwa haidrojeni, umene umayaka. Mpweyawo ukalowa mu injini pamodzi ndi petulo, galimoto imachepetsa kamwedwe.

"Osati iziyendera madzi okha ayi, amenewo ndi mabodza," anatero. "Koma petulo yemweyo atifikitsa patali."

"Nanga bwanji a mabasi onsewa sanaike?"

"Sakudziwa."

"Aha. Dziko lonse silikudziwa, odziwa ndi bambo a Pius okha."

Ndinaganiza kuti zithera pomwepo. Kunali kulakwa kwanga, chifukwa a Julius akagwira chinthu sasiya. M'mawa mwake anapempha botolo lalikulu la maswiti ku golosale ya mnzawo. Masana ndinapeza masipuni anga awiri abwino, a mphatso ya pa ukwati, atabooledwa michira n'kumangidwa mawaya. Soda wanga wophikira therere anatha theka. Chinavuta ndi kapaipi kotengera mpweya kuchoka m'botolo kukafika ku kabuleta, polowera petulo mu injini. Anafufuza pa Migowi ponse osakapeza, mpaka mnzawo wina wosesa ku chipatala anawapatsa chubu cha diripi, choonekera mkati, chachitali bwino. A Julius anabwera nacho akuvina.

Atalumikiza zonse n'kuliza injini, madzi a m'botolo anayamba kuchita thovu, timibulu tikukwera kuchoka pa masipuni paja. Kunena zoona, nanenso ndinadabwa. Ndinaima pamenepo ndi chipande m'manja mpaka ndiwo zinapserera.

Kodi botololo linkachepetsadi petulo? Mpaka lero sindidziwa, ndipo sindingaikire umboni. Chimene ndinaona ndi choti kuyambira tsiku limenelo a Julius anasiya kuthamanga. Ankaponda mafuta mwaulemu, pa mtsetse wochoka kwathu ankazimitsa injini n'kumangotsetsereka, matayala ankawapopa mlungu uliwonse. Petulo anayambadi kukhalitsa. Iwo ankati ndi botolo, ine ndinkati ndi phazi lawo. Tinkakangana zimenezi tikuseka, ndipo pakhomo pathu panayamba kuoneka shuga.

Masipuni aja sanakhalitse. Anadyeka, anada, imodzi n'kuthyoka. Otsalawo ndinawabisa m'nkhokwe, ndinawauza kuti akakhudzanso supuni yanga azikadya kwawo ku Ntcheu. Ndiye iwo anaikamo misomali ikuluikulu ndi kachidutswa ka khasu lakutha. Thovu linkatuluka ndithu, koma chitsulo chotere chimachita dzimbiri msanga. Pofika madzulo madzi a m'botolo ankakhala atafiira kuti psuu. A Julius ankangotaya n'kuthiramo ena, osalabadira.

Nthawi yomweyo ndi imene inabuka mbiri ya anamapopa. Chaka chimenecho tinali titangotuluka mu njala yoopsa, anthu akadali ndi mantha ndi mkwiyo m'mimba. Kunamveka kuti kukuyenda anthu opopa magazi a anzawo, ndipo ena ankati magaziwo akukasinthanitsidwa ndi chimanga cha thandizo. Woti wawaona ndi maso ake panalibe, koma aliyense anali ndi msuweni wake amene anawaona. Munthu akadzuka ndi chizungulire, ati wapopedwa. Nsikidzi ikakuluma pamkono, ati ndi pamene analowetsa singano. Amuna anayamba kutchinga misewu ndi mitengo ngakhale dzuwa lili pamutu, n'kumasecha galimoto iliyonse.

Achimwene anga, a Dyson, anali mmodzi wa olondera aja. Botololo ankalidziwa bwino, popeza tsiku loyamba lija anagwirizira nawo mawaya. Lamulungu lina titachoka ku tchalitchi anabwera pakhomo, nkhope ili gwa.

"Alamu, chija chili m'galimoto chija chotsani."

"Chalakwa chiyani, alamu?"

"Nthawi yake si ino. Anthu akwiya."

"Ndikachotsa lero, mawa adzati ndabisa," a Julius anayankha. "Amene akufuna kuona abwere, ndimutsegulira boneti. Ndi madzi, soda ndi misomali. Ine ndichite mantha ndi madzi a pa mjigo?"

"Inu ndinu obwera kuno. Mkamwini asamakule mwendo."

Mpaka pamenepo mtima wanga unali kumbali ya achimwene, chifukwa botololo linali litanditopetsa. Koma mawu amenewo anandiwotcha. Munthu amene ananyamula maliro a mayi athu osalandira kanthu, lero ndi wobwera?

"Achimwene," ndinatero, "mwendo umenewo ndi womwe umaponda mafuta mukamapita ku Migowi ulele. Botolo silichoka. Mukakumana ndi anzanuwo muwauze chimene chili m'menemo, poti mukuchidziwa."

Ananyamuka osatsanzika.

Tsiku la msika lotsatira tinapakira madengu a mango ndi mitolo ya nkhuni, ine n'kukhala kutsogolo, poti mango ena anali anga. Mvula inali itagwa mbandakucha, msewu uli matope okhaokha, ndipo tinali titayenda maulendo angapo osasintha madzi a m'botolo. Titafika pa kamlatho ka mudzi wa a Zelifa tinapeza mtengo wa bulugamu utagonekedwa pamsewu. Anthu anali ambiri kuposa masiku onse, amuna ndi akazi omwe, ena atanyamula mipini, ena zikwanje. Tinamva kuti mtsikana wina wa m'mudzimo wadzuka ali lefu, magazi akutuluka m'mphuno. A Dyson anali pomwepo, ataima kumbuyo kwa anzawo.

"Tsikani, tiseche," anatero mwamuna wina wamtali wovala chipewa cha ubweya.

"Simukundidziwa ine?" a Julius anafunsa akuseka. "Dzana lomweli ndinanyamula feteleza wanu."

"Lero sitikudziwa munthu. Tsegulani kutsogoloku."

A Julius anatsika injini ikulira, n'kutsegula boneti monyadira, ngati mphunzitsi amene wapeza ophunzira. Ine ndinasuzumira pa mpata wa pansi pa boneti, n'kuona zimene anthuwo anaona. Botolo lodzaza madzi ofiira likuwira, ndipo pakamwa pake patatuluka chubu cha diripi, chomwe chija aliyense anachionapo chitapachikidwa pa bedi la wodwala, madontho ofiira atakakamira m'kati mwake.



Kenaka mayi wina anakuwa, "Mayo ine! Magazi!"

"Anamapopa! Awa ndi amene!"

"Dikirani, dikirani, abale," a Julius anakweza manja. "Iyi ndi haidrojeni. Magetsi akalowa umu, amagawa madzi, ndiye gasi wake..."

Kalanga ine, munthu wanga! Liwu lililonse lachizungu limene ankatchula linkangothira palafini pamoto. Wina anati mwamva, akunena dzina la mankhwala ogonetsera anthu. Wina anati n'chifukwa chake galimotoyi siimvekanso ikamatsika phiri, imayenda mwakachetechete kuti isadzutse anthu. Wina anati petulo sagulanso kawirikawiri, anyamata a zigubu akudandaula, ndiye imayendera chiyani? Zonse zimene tinkanyadira zija zinasanduka umboni.

Anawagwira malaya n'kuwagwetsera m'matope. Mpini unatsika, iwo n'kutchinga ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ndili m'galimoto. Wina anazula mawaya, injini n'kuzima. Mnyamata wina wandevu ankabwera chothamanga ndi chigubu cha palafini ndi tayala lakutha. Ndinadziwa kuti ndikachedwa, bambo a ana anga apsa ndikuona.

Ndinatsika n'kudziponya pakati pawo. "Achimwene! A Dyson! Nenani chimene chili m'botolomu! Si inu munagwira mawaya?"

Anthu onse anacheukira kwa iwo. A Dyson anayang'ana pansi, n'kumakanda matope ndi chala cha kuphazi.

"Ine limene ndinaliona linali la madzi oyera," anatero. "Izi zofiirazi sindikuzidziwa."

Sananame. Koma mwana wa mayi anga, woyamwa bere limodzi ndi ine, anasankha choonadi chimene chikanapha mlamu wake. Mantha anandithera pomwepo, m'malo mwake munalowa ukali umene sindinaumveponso.

Ndinakankha wa chipewa uja, ndinafika pa injini, n'kuzula botolo lija ndi chubu chake chomwe. Linali lotentha. Ndinatsegula, ndinavuula misomali ndi kachidutswa ka khasu kaja n'kuziponya pamapazi pawo.

"Dzimbiri ili! Simunaonepo khasu litagona pamvula?"

"Zizimba zimenezo!" wina anakuwa. "Ngati si magazi, imwa!"

"Eee, amwe! Amwe tione!"

"Mayi a Pius, ayi!" a Julius anafuula ali pansi.

Ndinawayang'ana onsewo mmodzimmodzi, anthu amene ndinkapita nawo ku mjigo, ku maliro, ku kwaya. "Mundione bwino," ndinatero. "Ine mwana wa pano, mchombo wanga uli m'munsi mwa Michesi momuno. Ngati ndi magazi a mwana wanu, ndikumwa pamaso panu."

Ndinapendeketsa botolo. Musadzayese, anzanga. Madziwo anali ofunda, amchere, owawa, onunkha chitsulo, ndi timiyala ta dzimbiri tokanda kukhosi. Ndinameza, ndinamezanso, mpaka ndinafika pa matope a pansi pa botolo. Ndinapukuta pakamwa n'kuima chilili.

Maganizo anga anali amodzi: ndisasanze. Ndinkati ndikaima nji, osagwedezeka, adziwa kuti ndi madzi wamba. Ndikasanza adzati thupi lakana magazi a munthu. Ndiye ndinaluma mano, ndinakunga mimba, thukuta lili kamukamu. Soda uja anayamba kufufuma m'kati, kukwera, ine kumubweza, iye kukweranso. Anthu ankangondiyang'ana pakamwa. Wa palafini uja anali atatsegula kale chigubu chake.

Ndinalephera. Ndinagwada m'matope n'kusanza zonse, zofiira, pamaso pa gulu lonse. Mumtima ndinati basi, ndawapha amuna anga.

"Wasanza!"

Anali mawu a a Zelifa. Mayi wachikulireyo anadutsa pakati pa amuna aja akuwakankha ndi zigongono, n'kuwerama kuyang'ana pansi, kenaka anaimirira n'kululuta.

"Wasanza mwanayu! Simukuona? Kuyambira kale, womwa mwavi akasanza ndiye kuti alibe mlandu. Mfiti sisanza, imafa nazo m'mimba. Chotsani manja anu pa mwamunayo, musadzitengere tsoka!"

Akuluakulu amene analipo anayamba kugwedeza mitu. Mwavi, chakumwa chija makolo ankayesera nacho mfiti, unaletsedwa kalekale, ndipo ambiri pamenepo anali asanauonepo. Koma lamulo lake aliyense ankalidziwa. "Wasanzadi," anatero wina. "Wayera," anatero mnzake. Mipini inayamba kutsika. Wa palafini uja anatseka chigubu n'kuchibisa kumbuyo kwa miyendo yake.

Mwina mukuganiza kuti ndinakondwa. Ayi ndithu, ndinapsa mtima kuposa poyamba. Ndinawaonetsa misomali, anakana. Ndinawaonetsa dzimbiri, anakana. Amuna anga anawafotokozera zoona zokhazokha, anawathyola dzanja. Koma masanzi ndiye awakhulupirira!

"Sindinamwe mwavi ine!" ndinakuwa ndikadali chogwada. "Ndamwa madzi a pa mjigo ndi soda wa therere! Mukumva? Soda wa there..."

A Zelifa ananditsina pamkono mwamphamvu, n'kundinong'oneza, "Tseka pakamwa, chitsiru iwe. Nyamula mwamuna wako uzipita asanasinthe maganizo."

Ndinawadzutsa a Julius. Nkhope yawo inali matope ndi magazi, enieni tsopano, ndipo dzanja linkangolendewera. Ndinavula mpango wa kumutu n'kulimangirira pakhosi pawo. Analumikiza mawaya ndi dzanja limodzi, ine ndikuwagwirira, koma atatembenuza kiyi injini inangoti kwe, n'kukhala chete. Batire linali litafooka ndi kuzulidwa kwa mawaya kuja.

Wa chipewa uja anayandikira, maso ali kumbali. "Pepani, mayi. Mukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano. Botololo lisiyeni kuno tiliphwanye, nkhani ithe."

"Botolo ili ndi la amuna anga," ndinatero, ndikulikumbatira. "Lipita kumene ife tikupita, ndipo mawa likhala m'malo mwake. Chotsani mtengo wanuwo. Mukatha mubwere kumbuyo kuno mukankhe."

"Ife?"

"Inu nomwe. Mphamvu zomenyera munthu munali nazo. Inunso a palafini, ikani pansi chigubucho. Achimwene, musabisale, bwerani pakati pomwe apa kuti matope a matayala akupezeni bwino."

Anayang'anana. A Zelifa anawatukwana m'Chilomwe mawu amene sindingawalembe pano, ndipo mmodzimmodzi anataya mipini n'kubwera. Ndinakwera kutsogolo, botolo lopanda kanthu lili pamiyendo panga, pamalo poti aliyense alione. A Julius anagwira chiwongolero ndi dzanja lamanja, koma la giya ndi limene linali lothyoka.

"Gwirani apa," anandiuza. "Ndikaponda kilatchi, mukokere kumbuyo."

Ndinakoka. Amuna aja anakankha, akuterereka, akubuula, matope akuwathira kumaso. Galimoto inagwedezeka, inatsokomola, n'kulira. Sindinacheuke kuti ndiwathokoze.

Tinalunjika ku chipatala, mango ndi nkhuni zili pambuyo. M'mimba mwanga munkapota, m'kamwa muli chitsulo chokhachokha. Tinayenda kamtunda ndithu, iwo akuponda, ine ndikusintha giya, nthawi zina molakwika mpaka galimoto kukukuta mano. Nyumba za Migowi zitayamba kuoneka, a Julius analankhula osandiyang'ana.

"Mayi a Pius, munadziwa bwanji kuti mukasanza atisiya?"

"Sindinadziwe. Ine ndimalimbana kuti ndisasanze."

 Misozi inatsika n'kudula njira m'matope a pankhope pawo. Chikwatirane ndinali ndisanawaonepo akulira.

"Nanga mukanakwanitsa kusunga madziwo m'mimba, zikanatha bwanji?"

"Bwenzi anthu aja atayamba ndi ine," ndinatero. "Pondani kilatchi."